Nyama kapena nsomba? Mafunso ndi mayankho kwa odwala impso ndi amene amawaphikira

Munthu akangouzidwa kuchipatala kuti impso zake zafooka, mkangano pakhomo umayambira pa ndiwo. Wina akuti asiye nyama, wina akuti nsomba ndiye mankhwala, azakhali nawo abwera ndi kontena ya chiwindi kuti magazi achuluke. Mayankho ali m'munsiwa ndi a anthu akuluakulu omwe ali ndi matenda a impso okhalitsa. Ana, amayi oyembekezera, ndi munthu amene impso zake zavulala mwadzidzidzi, monga zimachitikira pa malungo aakulu, ali ndi malamulo awoawo.

Tiuzeni mwachidule, chabwino n'chiti?

Ngati zonse ndi zaziwisi ndipo mwaphika nokha kunyumba, nsomba imaposa pang'ono. Chambo, makumba, kampango kapena mlamba zili ndi mafuta ochepa a mtundu wogwirana uja, wotseka mitsempha ya magazi, kusiyana ndi nyama ya ng'ombe kapena ya nkhumba. Zimenezi n'zofunika chifukwa odwala impso ambiri amamwalira ndi matenda a mtima kapena sitiroko asanafike n'komwe pofuna makina otsuka magazi otchedwa dayalisisi. Koma kusiyanako si kwakukulu monga anthu amaganizira. Pa mapuloteni ndi michere ya m'zakudya yotchedwa fosifolasi ndi potaziyamu, nthuli ya chambo ndi nthuli ya nkhuku zofanana kukula sizitalikirana kwenikweni.

Chimene chimatembenuza yankho ndi zomwe ndiwoyo yadutsamo isanafike m'mbale. Nsomba yothiridwa mchere poumitsa, ya m'chitini, kapena yaing'ono yodyedwa ndi minga yomwe, imatha kulemetsa impso kuposa nkhuku yowiritsa. Ndiye musafunse dzina la ndiwo lokha. Funsani kuti ndi yochuluka bwanji, muli mchere wanji, ndipo mudya ndi mafupa kapena ayi.

Kodi ndiwo zankhuli zimavutitsa bwanji impso?

Thupi likagwiritsa ntchito mapuloteni limatsala ndi zinyalala, makamaka yureya, ndipo ntchito yozitulutsa kudzera mumkodzo ndi ya impso. Mukadya nyama kapena nsomba yambiri nthawi imodzi, timasefa ta m'impso timakakamizika kusefa magazi ochuluka mothamanga. Impso zabwino sizidandaula nazo. Koma pamene theka la timasefato linafa kale chifukwa cha BP kapena shuga, totsalato timatopa msanga. Zinyalala zikachuluka m'magazi munthu amamva nseru, m'kamwa mumawawa ngati mwaluma chitsulo, chakudya sichikoma.

Palinso zina zitatu zomwe impso zofooka zimalephera kutulutsa bwino: mchere, womwe umakweza BP ndi kutupitsa miyendo, fosifolasi, yemwe akachuluka amayabwitsa thupi, kufewetsa mafupa ndi kuumitsa mitsempha, ndi potaziyamu, yemwe akakwera kwambiri amatha kuimitsa mtima popanda chenjezo. Nyama ndi nsomba zonse zili ndi fosifolasi ndi potaziyamu mwachibadwa. Mchere timathiramo tokha.

Nanga mlingo wake ndi wotani? "Pang'ono" ndiye chiyani?

Zimatengera msinkhu wa matenda. Madokotala amagawa matendawa m'magawo asanu poyang'ana nambala yotchedwa eGFR, yomwe imaonetsa mmene impso zikusefera magazi. Ikakhala pakati pa 30 ndi 59 ndi gawo lachitatu, pakati pa 15 ndi 29 ndi lachinayi, ikatsika pansi pa 15 ndi lachisanu. Malangizo a mu 2024 a KDIGO, bungwe lapadziko lonse la za matenda a impso, akuti munthu wamkulu wa gawo lachitatu mpaka lachisanu amene sali pa dayalisisi azidya pafupifupi magalamu 0.8 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, ndipo apewe kupitirira 1.3. Malangizo a ku America a KDOQI a mu 2020 amatsitsa mpaka cha m'ma 0.6 kwa ena, koma pokhapokha pali katswiri wa kadyedwe woyang'anira.

Tiyeni tiwerengere munthu wa makilogalamu 60. Pa 0.8 zikupereka magalamu 48 patsiku. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka, chifukwa amaiwala kuti nsima nayo ili ndi mapuloteni. Ufa wa chimanga uli ndi magalamu 7 mpaka 9 pa magalamu 100 alionse, choncho munthu wodya phala m'mawa, nsima masana ndi madzulo, watenga kale mwina magalamu 20 asanakhudze ndiwo. Otsalawo ndi ofanana ndi nthuli imodzi ya nyama kapena nsomba yophika, yolemera magalamu 90 kapena 100, yomwe imakhala ndi mapuloteni pakati pa magalamu 20 ndi 30. Kukula kwake ndi chikhatho chanu kupatula zala. Imeneyo ndi ya tsiku lonse, osati ya chakudya chimodzi. Mukhoza kuigawa pawiri.

Ndinene mosabisa: kwathu kuno anthu ambiri safika n'komwe pa mlingo umenewu. Munthu amene amaona nyama kawiri pamwezi, masiku ena onse ndi masamba, safunika kuuzidwa kuti achepetse. Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwera anthu odya nyama katatu patsiku. Wodwala wathu akawatsatira mwachimbulimbuli amangotha thupi, ndipo kuwonda kotereku n'koopsa kwambiri. Mukaona zovala zikukhwefuka kapena minofu ya m'manja ikulowa, kauzeni adokotala musanapitirize kumana wodwala ndiwo.

Ndayamba dayalisisi. Ndipitirize kuchepetsa?

Ayi, pano lamulo latembenuka. Makina aja pochotsa zinyalala amachotsanso tizigawo ta mapuloteni, ndiye thupi limafuna ochulukirapo: magalamu 1.0 mpaka 1.2 pa kilogalamu. Kwa munthu wa makilogalamu 60 uja ndi magalamu 60 mpaka 72 patsiku, kutanthauza kuti nthuli ziwiri, ina masana ina madzulo, si zochuluka. Amene amapita ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre kukatsukitsa magazi azifunsa za nambala ya albumin, puloteni ya m'magazi, akayezedwa. Ikatsika, chimodzi mwa zoyamba kuunika ndi kadyedwe.

Vuto ndi loti dayalisisi sichotsa bwino fosifolasi. Ndiye mukufuna mapuloteni ambiri koma fosifolasi wochepa, ndipo kusankha kumakhala kofunika kuposa kale. Nsomba yaiwisi yochotsa minga, nkhuku yosenda khungu, nyama yopanda mafuta yowiritsa, ndi choyera cha dzira, zimenezi ndiye zanu. Choyera cha dzira limodzi chili ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 3.5 ndipo fosifolasi wake ndi wosanunkha kanthu, chifukwa wambiri amakhala mu chikasu chija.

Nanga usipa, matemba, bonya ndi kapenta? Si nsomba zimenezi?

Ndi nsomba ndithu, ndipo funso ili ndi lofunika kuposa onse, chifukwa izi ndi zomwe anthu amadyadi. Chambo chinakwera mtengo kalekale, pomwe kamulu ka usipa kapena matemba a ku Chilwa kamapezeka pamsika uliwonse. Tsoka lake ndi loti kwa wodwala impso nsombazi zili ndi zovuta zitatu zomwe chambo chilibe.

Choyamba, timadya ndi mutu ndi minga yomwe. Mafupa ndiye nkhokwe ya fosifolasi. Kwa mwana amene akukula zimenezi ndi dalitso, ndipo n'chifukwa chake azaumoyo amalimbikitsa kusinja usipa m'phala la ana. Kwa munthu wa gawo lachinayi kapena wa pa dayalisisi, dalitso lomwelo limasanduka katundu.

Chachiwiri, n'zouma. Nsomba yaiwisi pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kulemera kwake ndi madzi. Madziwo akachoka, chilichonse chotsala chimakhala chothinana, moti theka kapena kuposerapo la kulemera kwa usipa wouma ndi mapuloteni okhaokha. Maso amanama pamenepa. Mumaona ngati mwatapa pang'ono, chonsecho dzanja limodzi lodzaza lafanana kale ndi nthuli ya chambo.

Chachitatu ndi mchere, womwe ena amathira pofutsa kuti nsomba isaonongeke. Si onse amatero. Lawani kamodzi pamsika pomwepo musanagule, ogulitsa sakaniza.

Kodi ndiye musiyiretu? Ngati muli pa gawo loyamba mpaka lachitatu ndipo fosifolasi wa m'magazi ali bwinobwino, palibe chifukwa. Ngati wakwera, chitani izi: dulani mitu, viikani m'madzi otentha kwa mphindi zingapo, tayani madziwo, kenaka phikani ndi anyezi wambiri kuti kochepako kakwanire nsima. Pa nsomba zokulirapo monga utaka, ng'ambani muchotse msana. Ndipo isakhale ndiwo ya tsiku ndi tsiku. Usipa wauwisi, kwa amene ali pafupi ndi nyanja ku Mangochi, Salima kapena Nkhata Bay, ndi wabwinoko kuposa wouma chifukwa mlingo wake suvuta kuuona ndipo mulibe mchere wobisika.

Bakayawo, nsomba za m'chitini, soseji ndi poloni?

Bakayawo musiyeni. Ndi nsomba yokwiriridwa mumchere, ndipo ngakhale muiviike usiku wonse mchere wambiri umatsalabe. Wodwala impso safunika kupitirira magalamu 5 a mchere patsiku, yomwe ndi sipuni yaing'ono imodzi, kuphatikiza wa m'buledi ndi wa m'ndiwo zonse.

Nsomba za m'chitini zimabwera ndi mchere ndi minga yofewa yomwe timadyera kumodzi, moti fosifolasi wake amatha kuwirikiza kawiri wa nsomba yaiwisi. Ngati palibe china, tayani msuzi wake, chotsani msana, tsukuluzani.

Soseji, poloni, bekoni ndi nyama ya m'chitini zili ndi vuto lina lomwe ambiri salidziwa. Fosifolasi wachibadwa wa m'nyama thupi limangoyamwako pafupifupi theka, koma amene opanga amathira kuti nyama isunge madzi ndi kuoneka bwino amalowa m'magazi pafupifupi yense. Tembenuzani paketi muwerenge mndandanda wa zomwe zili m'katimo. Mukaona liwu lililonse lokhala ndi zilembo za "phos", bwezani pashelefu. Amene muli ku South Africa, yang'ananinso mapaketi a nkhuku zoumitsidwa mufiriji: zambiri zimabayidwa madzi amchere, ndipo pa paketi pamalembedwa kuti brine. Nkhuku ya chikuda yopha nokha ilibe zonsezi.

Nyama yofiira, monga ya ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba, ndiileke?

Muichepetse, koma si poizoni. Kafukufuku wina wamkulu wa ku Singapore, wotsatira anthu oposa 60,000 kwa zaka zambiri, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2016, anapeza kuti omwe ankadya nyama yofiira kwambiri, makamaka ya nkhumba, anali ndi chiopsezo chokwera ndi 40 peresenti chofika poti impso zaleka kugwira ntchito, poyerekeza ndi omwe ankadya pang'ono. Pa nsomba, nkhuku ndi mazira sanaone zoterezi. Kafukufuku wa mtundu umenewu amaonetsa zinthu zoyendera limodzi, satsimikiza kuti nyamayo ndiyo inayambitsa, komabe akugwirizana ndi zomwe zimadziwika kale pa za mtima.

Maganizo anga ndi awa: pa masiku omwe mukudya ndiwo zankhuli, ochuluka akhale a nsomba yaiwisi ndi nkhuku, ng'ombe kapena mbuzi ibwere kamodzi kapena kawiri pasabata, yochotsa mafuta. Chomwe ndingakane ndi kanyenya wa pachiwaya, wokazingidwa m'mafuta a dzulo n'kuviikidwa m'kamulu ka mchere ndi tsabola. Pamenepo vuto silikhalanso mbuzi.

Akuti magazi ndi ochepa. Si chiwindi chingathandize?

Uku ndiye kulakwitsa komwe kumachitika chifukwa cha chikondi. Kuchepa kwa magazi kwa wodwala impso nthawi zambiri sikuchokera m'mbale. Impso zimapanga timadzi totchedwa erythropoietin, tomwe timauza mafuta a m'mafupa kuti apange magazi. Impso zikafooka uthengawo sufika, ndiye ngakhale mudye chiwindi cha ng'ombe yonse magazi sakwera mokwanira. Chithandizo chake ndi jakisoni wa timadzito ndi mankhwala a ayironi, malinga ndi zomwe adokotala apeza.

Pomwe chiwindicho chili ndi fosifolasi pafupifupi kuwirikiza kawiri wa nyama wamba, komanso vitamini A wambiri yemwe amaunjikana m'thupi la wodwala impso. Zam'kati zina monga impso zomwezo, mtima ndi ubongo zimakwezanso asidi woyambitsa gauti, matenda otupitsa mfundo za zala omwe odwala impso amadwala kawirikawiri. Pa gauti nsomba zing'onozing'ono za mafuta nazonso si zosalakwa, ndiye amene chala chachikulu chakuphazi chimawavuta asamale ndi usipa ndi kapenta.

Pa potaziyamu, chabwino ndi chiti?

Pamenepa palibe wopambana. Nyama ndi nsomba zonse zili ndi mamiligalamu 300 kapena kuposerapo pang'ono pa magalamu 100. Ngati potaziyamu wa m'magazi anu ali pakati pa 3.5 ndi 5.0, musadzivutitse. Akayamba kupitirira 5.5, makamaka ngati mukumwa mankhwala a enalapril, losartan kapena spironolactone omwe amamukweza, yang'anani kwambiri zomwe zikutsagana ndi ndiwoyo: tomato wochuluka mumsuzi, nsinjiro, mbatata, nthochi, mapeyala.

Pali zinthu ziwiri zoopsa kuposa nyama ndi nsomba zonse. China ndi mchere wogulitsidwa m'masitolo ngati wa odwala BP, womwe m'malo mwa sodiyamu wa mumchere wamba anaikamo potaziyamu. Kwa munthu wa impso zabwino ulibe vuto, kwa inu ukhoza kupha. China ndi chidulo cha phulusa chomwe timaphikira therere: mphamvu yake yofewetsa masamba imachokera ku potaziyamu yemweyo. Soda wa kugolosale alibe potaziyamu, koma ndi sodiyamu, ndiye nayenso akhale wapansonga ya sipuni.

Ndiphike bwanji?

Kuwiritsa kumathandiza kuposa njira zina zonse, bola mutaye madzi oyamba. Dulani nyama tizidutswa ting'onoting'ono, ikani m'madzi ambiri, iwire kwa theka la ola, khuthulani madziwo, kenaka kazingani anyezi ndi kupanga msuzi watsopano. Gawo la fosifolasi ndi potaziyamu limapita ndi madzi aja pomwe mapuloteni ambiri amatsala. Ndikudziwa kuti kwa mayi wa pakhomo kutaya msuzi wa nyama kumaoneka ngati tchimo. Musataye pansi, patsani ena a m'nyumbamo adyere nsima.

Nsomba sichedwa kupsa, ndiye mphindi zochepa zikwanira, apo ayi iotcheni pamakala ndi mandimu. Timakyubu ndi timapaketi tokometsera ndiwo tichoke m'khitchini, chifukwa mbali yaikulu ndi mchere. Adyo, jinja, anyezi wokazinga mpaka kufiira, tsabola ndi mandimu zimabweza kukoma. Patulani ndiwo ya wodwala musanathire mchere mumphika wa banja. Lilime limazolowera pakatha masabata angapo.

Ndikangodya msuzi wokha, nthuli n'kusiyira ena?

Mwasankha mbali yolakwika. Mumsuzi ndi momwe mwathera mchere, potaziyamu ndi fosifolasi, pomwe mapuloteni omwe thupi likufuna atsala mu nthuli. Msuzi wa mang'ina kapena wa mafupa owira tsiku lonse, womwe timakonda kupatsa odwala kuti apeze mphamvu, kwa wodwala impso ulibe phindu lomwe anthu amaliganizira, ndipo kwa amene anamuikira malire a madzi akumwa umawerengedwa ngati madzi.

Nanga mbewa, ngumbi, nyemba ndi soya?

Mbewa ziwerengeni limodzi ndi matemba: zimafutsidwa ndi mchere, n'zouma, ndipo zimadyedwa ndi mafupa. Ngumbi ndi ziwala vuto lake lalikulu ndi mchere wokazingira, komanso n'zosavuta kudya mopitirira mukucheza.

Nyemba, nandolo ndi khobwe kale zinkaletsedwa kwa odwala impso, koma maganizo asintha. Fosifolasi wa m'zomera ndi womangika mwanjira yoti thupi limayamwako wochepa kuposa wa m'nyama, ndipo mapuloteni ake sachulukitsa asidi m'magazi ngati a nyama. Malangizo atsopano amalimbikitsa kuti gawo lalikulu la chakudya lichokere ku zomera. Chenjezo lili pa potaziyamu: viikani nyemba usiku, tayani madziwo, ndipo ngati nambala yanu ndi yokwera funsani kaye mlingo. Nyama ya soya ya m'mapaketi ilibe vuto lalikulu payokha ngati mwaiviika n'kufinya, koma zokometsera zomwe imabwera nazo ndi mchere wokhawokha.

Anandipatsa mapiritsi akuti ndizimwa ndi chakudya. N'chifukwa chiyani?

Ngati ndi calcium carbonate kapena ena ofanana nawo, ntchito yake ndi kugwira fosifolasi m'mimba momwemo asanalowe m'magazi, kuti atuluke ndi chimbudzi. Akamwedwa patapita maola awiri chidyereni, amapeza fosifolasi atalowa kale. Imwani pamodzi ndi mbamu zoyamba, makamaka pa chakudya chomwe pali nyama kapena nsomba.

Ndinaikidwa impso ina. Pali chosintha?

Ambiri malire a fosifolasi ndi potaziyamu amawamasukira, koma mankhwala oteteza impso yatsopano amafooketsa chitetezo cha m'thupi. Nyama, nsomba ndi mazira zipse mpaka m'kati, ndipo ndiwo zogona musadye osaziwiritsanso. Mchere ukhalebe wochepa.

Paukwati kapena pamaliro, poti sindingasankhe, nditani?

Tengani nthuli imodzi, nkhuku ngati ilipo, chotsani khungu, msuzi ungonyowetsa nsima kapena mpunga. Zakumwa zakuda za kola zisiyeni, muli fosifolasi wothira uja. Tsiku limenelo madzulo idyani masamba. Chakudya chimodzi sichigwetsa impso, kupatula kwa munthu wa pa dayalisisi amene watsala tsiku kapena awiri kuti akatsukitse magazi, yemwe potaziyamu ndi madzi zimakhala zitaunjikana kale m'thupi. Ameneyo asamale zenizeni, ngakhale achibale akakamize bwanji.

Ndinadya nyama dzulo lake, creatinine wanga n'kupezeka wakwera. Impso zaipiraipira?

Mwina ayi. Creatinine ndi chinyalala cha m'magazi chomwe amayeza kuti apeze eGFR. Nyama yophika ili ndi creatinine wakewake yemwe amalowa m'magazi n'kukweza nambala kwa maola angapo, ndipo nsomba yambiri imatha kuchitanso chimodzimodzi. N'chifukwa chake malangizo a ku Britain amati munthu asadye nyama kwa maola 12 asanakayezetse eGFR. Uzani adokotala zomwe munadya, ndipo ngati n'kotheka abwereze kuyezako. Auzeninso ngati mwamwa bufeni kapena diclofenac masiku amenewo, kapena mankhwala azitsamba alionse, chifukwa zimenezo zimatha kukweza creatinine povulaza impso zenizenizo.